Lamba wa kamera kwa amayi ojambula: wa m'khosi, wopingasa, wa m'mapewa kapena wa m'chiuno?

Lamba amene amabwera m'katoni pamodzi ndi kamera yatsopano anapangidwira munthu woti ajambule mphindi zochepa kenaka n'kuitula kamerayo patebulo. Sanapangidwire mayi amene Loweruka amalawirira kunyumba kwa mkwatibwi ku Area 25, n'kuthamangira kutchalitchi ku Maula, masana ali m'maluwa ndi akwati ndi operekeza awo, ndipo dzuwa likamapendeka akadali chiimire m'holo. Tsiku lotere kamera imakhala pathupi maola 10 kapena kuposerapo, ndipo chimene chimakufikitsani kunyumba mutapindika kawirikawiri si miyendo ayi. Ndi khosi ndi phewa.

Ambirife sitinaikepo zida zathu pasikelo. Kamera ya Canon 5D Mark IV yokhala ndi batire imalemera magalamu pafupifupi 890. Lenzi ya 24-70mm f/2.8, imene ojambula maukwati amaidalira, imawonjezera magalamu 800 ndi pang'ono. Mukabayikapo fulashi ndi mabatire ake mwadutsa kale makilogalamu 2. Kamera yachiwiri ikakhala ndi 70-200mm f/2.8, lenzi yokhayo ili pafupi ndi kilogalamu imodzi ndi theka, choncho makamera awiriwo pamodzi akupitirira makilogalamu 4. Amene ali ndi Sony A7 III, ya magalamu 650, wapepukidwako, ngakhale kuti malenzi akuluakulu amamubwezera komweko. Amene akuyamba kumene ndi Nikon D3500 kapena Canon 2000D ndi kalenzi ka 18-55mm sanafike n'komwe magalamu 700, ndipo zambiri zimene ndinene pano sizinafike pomuvuta.

Kulemerako ndi mbali imodzi chabe. Malamba ambiri anayezedwa pathupi la mwamuna wamtali, wa mapewa otambalala ndi chifuwa chophwatalala. Ambirife ndife ofupikirapo, mapewa ndi opapatiza kapena otsetsereka, pachifuwa pali mabere, ndipo paphewa pamene lamba akufuna kukhala pali kale chingwe cha bra. N'chifukwa chake ndisanafunse dzina la kampani kapena mtengo ndimayamba ndafunsa kuti lambayu akudutsa pati pathupi langa, nanga katunduyu akumutulira pa fupa liti. Malo ake alipo anayi: khosi, phewa limodzi, mapewa onse awiri, ndi chiuno.

Wa m'khosi

Tonse tinayamba ndi ameneyu. Ndi waulere, ndipo kamera imakhala pafupi ndi maso. Zabwino zake zathera pomwepo. Katundu yense amakoka pa kamalo kakang'ono kuseri kwa khosi, mutu n'kumaweramira kutsogolo, minofu yotsikira m'mapewa n'kukhala yokungika tsiku lonse. Mutu umene umawawa usiku wa Loweruka timanamizira masipika a DJ, koma nthawi zambiri wachokera pamenepa. Kwa ife palinso zina. Kamera imagona pamabere, ndipo mukamayenda mofulumira imadumphadumpha n'kumakumenyani. Mukawerama kuti mukonze velo ya mkwatibwi, iyo imauluka kutsogolo, ndipo kamwana koperekeza kamene kaima pamenepo ndi kamene kangailandire pamphumi. Labala wa mkati mwa lamba amagwira meshi ndi tsitsi la kunkhongo. Ovala wigi akudziwa zimene zimachitika pomuvula lambayu mothamanga. Onjezanipo kuti dzina la kamera analilemba m'zilembo zikuluzikulu zooneka patali. Mukamadutsa kudepoti kapena pamsika wa Tsoka, simukufunika chikwangwani cholengeza zimene mwanyamula.

Alipo a m'khosi ofewa, opangidwa ndi neoprene, labala wofewa ngati siponji, monga a kampani ya OP/TECH. Amatamuka pang'ono, kotero kamera siidula khosi ngati mmene amachitira wa m'katoni. Kwa kamera yopepuka pa ntchito ya ola limodzi kapena awiri, monga ubatizo kapena phwando la kusukulu ya mkaka, ameneyu akukwanirani. Koma neoprene amasunga kutentha. Mu Okutobala wa Lilongwe, pansi pake pamanyowa thukuta mpaka khungu kuyamba kuyabwa, ndipo katundu akadali pakhosi pomwe paja. Wachepetsa ululu koma sanausamutse.

Wopingasa

Uyu ndi amene ogulitsa amamutcha sling. Amakwera paphewa lamanzere, n'kupingasa pachifuwa ndi kumsana, kamera n'kukalendewera m'mbali mwa chiuno chakumanja, pamene dzanja limafika lokha. Khosi lapuma, manja onse awiri ali omasuka, ndipo polowa m'gulu la anthu mungathe kuikankhira kamera kumbuyo pang'ono n'kuiphimba ndi chigongono. Kwa mayi wojambula ndi kamera imodzi, apa ndi pamene ndingamuuze kuti ayambire. Koma pasankhidwe bwino, chifukwa pansi pa dzina limodzili pali malamba awiri osiyana.

Woyamba ndi wa mtundu wa BlackRapid. Paphewa pali kapilo kokhuthala kamene sikasuntha. Kamera imakoleka pa kangowe kamene kamatsetsereka m'lamba, kotero mukaikweza kumaso imayenda ndi kamera yokha, lamba ali phee. Wachiwiri ndi wa mtundu wa Peak Design Slide: lamba wosalala ngati wa m'galimoto, wokoleka mbali ziwiri za kamera, amene amazungulira thupi yense mukamakweza kamera. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa m'shopu, koma pa bulauzi wa lesi kapena diresi ya satini n'kwakukulu. Lamba woyenda yense amakoka chovala nthawi iliyonse mukakweza kamera, ndipo pa ukwati mumakweza kosawerengeka. Pofika masana khosi la bulauzi lapotokera kumodzi, chingwe cha bra chili pamtunda. Wa kapilo sachita zimenezo. Kumbali inayi, wosalalayo mungathe kumusintha phewa mukatopa, pamene ambiri a kapilo anawapindira phewa limodzi basi. Amene phewa lake lamanzere limavuta kale aganizire zimenezi asanalipire.

M'lifupi mwa lamba musamachepetse. Aliyense amene anaberekapo mwana pachitenje mfundoyi amaidziwa ndi thupi lake: nsalu ikatambasuka paphewa, mwana wa makilogalamu 10 mumafika naye kumsika, ikapotana n'kukhala ngati chingwe, simufika ndi pasiteji pomwe. Slide ndi wa mamilimita 45 m'lifupi, Slide Lite 32, ndipo Leash 19. Wa 19 ndi wa kamera yaing'ono yoyenda nayo kokacheza. Pa kamera ya makilogalamu 2 ine sinditsika pansi pa 45, ngakhale wopapatizayo aoneke wokongola bwanji.

Tsopano nkhani imene amuna ogulitsa sakuuzani. Lamba wopingasa amadutsa pakati pa mabere n'kuwagawa, ndipo kamera ikamakoka pansi amawaonetsa kwambiri. Ena sizimawakhudza, ndipo ndi ufulu wawo. Koma pali malo amene mayi wojambula amakhala kutsogolo kwa mpingo wonse, kapena pamaso pa ankhoswe ndi mafumu, ndipo safuna kuti maso a anthu achoke pa akwati. Chachikulu kuposa maonekedwe n'chakuti kwa amene ali ndi mabere aakulu lambayo sakhazikika pakati. Amakwera pamwamba pa bere limodzi n'kumalipsinja, kapena amatsetserekera kukhosi n'kumakhula. BlackRapid inatulutsapo lamba wotchedwa RS-W1 amene anamupinda mwadala kuti azilambalala bere, ndipo mfundo yake ndi yoyenera kuifunafuna ngakhale pa malamba a makampani ena: kapilo kopindika ngati chikwakwa m'malo mwa kowongoka. Kachingwe kodutsa m'khwapa, kamene ena amabwera nako, kamathandiza kuti kapiloko kasathawire kukhosi, malinga musakamange mothina. Chovala chakuda cha nsalu yokhuthala, kapena kajekete kopanda manja pamwamba pa lamba, chimathetsa zotsalazo. Amayi oyamwitsa asamale mwapadera: chinthu chopsinja bere kwa maola ambiri chingathe kutsekereza njira za mkaka, bere n'kutupa. M'miyezi imeneyo ndi bwino kusankha lamba wosadutsa pachifuwa n'komwe.

Palinso chimene opanga malamba a BlackRapid ku Seattle ndi a Peak Design ku San Francisco sanachiganizire. Ife timagwada. Pachinkhoswe mumagwada polonjera akuluakulu, mumagwada pojambula agogo amene akhala pamphasa, mumayenda chowerama podutsa kutsogolo kwa abusa. Kamera yolendewera pantchafu, makamaka ikakhala ndi lenzi yaitali, imafika pansi mawondo anu asanafike, ndipo pansi pake nthawi zambiri ndi simenti. Ambiri mwa malambawa ndi aatali kwa munthu wa msinkhu wathu. Mufupikitseni mpaka kamera ikhale pa fupa la chiuno, osati kunsi kwake. Chotsala chipindeni n'kuchimanga, kapena telala achidule n'kusoka. Tiziletsa tiwiri timene timakhala pa lamba wa kangowe, kutsogolo ndi kumbuyo kwa kamera, si tokongoletsera. Musanagwade titsekeni, ndipo dzanja lamanja lizolowere kugwira lenzi thupi likamatsika.

Malamba a kangowe amamangidwa pa kabowo komangira tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) pansi pa kamera, ka mulingo wa kotala ya inchi pa makamera pafupifupi onse. Zotsatira zake ndi zitatu. Kamera imalendewera chadodolido, choncho fulashi imakhala kunsi, pamalo pogundika ndi mipando ndi mitu ya ana. Kabowoko kakhala kotsekeka, ndiye wofuna kuika kamera pa tripod ayenera kumasula kaye, pokhapokha atagula mbale yolola zonse ziwiri. Ndipo kabawuti kamodzi ndi kamene kanyamula chuma chanu chonse. Kamamasuka pang'onopang'ono ndi kayendedwe ka thupi, osachenjeza. Muzikakhwimitsa musanalowe m'tchalitchi komanso gule asanayambe, ndipo mumange kachingwe kena kolimba kuchoka pa lamba kufika pa khutu la kamera, kachitsulo ka m'mbali komangirapo lamba wa m'khosi, kuti kabawuti kakachoka kamera igwere m'chingwe. Mukamagwiritsa 70-200mm, mangani lamba pa phazi la lenzi, kachitsulo kake koikira pa tripod, osati pa kamera, kuti kulemera kwa lenzi kusakoke polumikizira.

Wa mapewa onse awiri

Harness wa makamera awiri amavalidwa ngati chikwama cha kumsana: malamba amakwera paphewa lililonse, n'kudutsa m'khwapa, n'kukakumana kumbuyo. Kamera imodzi kumanja, ina kumanzere. Kwa ife ubwino wake waukulu ndi wakuti pachifuwa sipadutsa kanthu. Katundu wagawika pawiri, ndipo simusinthanso malenzi pafumbi la Seputembala, chimene kamera yanu ingakuthokozeni nacho. Amene amajambula mpira ku Bingu National Stadium kapena ku Silver, kapena misonkhano ku BICC kumene mphindi iyi mukufuna holo yonse, mphindi inayo nkhope ya wolankhula, amadziwa phindu la makamera awiri okonzeka.

Zovuta zake zimabwera ndi kukula kwa thupi. Pamapewa opapatiza malamba amathawira kunja, ndipo mumapezeka mukukweza mapewa tsiku lonse osadziwa kuti asagwe. Ululu umene munauthawa pakhosi mwaupezanso. Makampani ena amathetsa izi ndi kachingwe kolumikiza kutsogolo, koma kachingweko kamagwera pamabere penipeni ngati sikasunthika kukwera m'mwamba. Musagule wopanda chosinthira pamenepo. Amene amakumana kumsana mopingasana amakhazikika bwino pathupi laling'ono kuposa amene amatsika mowongoka. M'khwapa namo mumakhulika mukavala chopanda manja. Achikopa, monga HoldFast MoneyMaker wa ku America, ndi okongola ndithu pa ukwati, ndipo amakhalitsa. Koma mtengo wake umapitirira madola 200, amayamba ali ouma mpaka atazolowera thupi, ndipo chikopa chopakidwa utoto chingathe kusiya zipsera pa chovala choyera chikakumana ndi thukuta. Amayi a Mvano amene amajambula zochitika za mpingo ali mu yunifolomu achiganizire chimenechi kawiri. A nayiloni sakongola chomwecho koma amachapika. Ndipo musanyengedwe: harness sachepetsa makilogalamu 4 aja, amangowagawa. Tsiku limene mwanyamula kamera imodzi yokha amapendekera kumodzi, ndipo wopingasa wamba amamuposa.

Pali mtundu wina umene kamera imakoleka pa mbale ya pachifuwa, monga Cotton Carrier. Pokwera phiri la Nkhoma kapena la Bunda, kapena potsata mbalame ku Dzalanyama, kamera sigwedezeka n'komwe ndipo manja ali omasuka kugwira miyala. Kupatula pamenepo sindimuona ntchito kwa ife. Mbaleyo imakhala pamabere, iyenera kumangidwa mothina kuti igwire, ndipo imatentha. Pa ukwati mumaoneka ngati mwabwera kudzabalalitsa zionetsero.

Wa m'chiuno

Apa ndi pamene thupi lathu limapambana. Lamba wa m'chiuno, monga SpiderPro, ndi wotambalala, ndipo ali ndi kachitsulo m'mbali kamene kamalandira kamutu komangidwa pansi pa kamera. Mumaitsetsereza kamera m'menemo, n'kutseka ngati mukufuna, n'kumayenda. Khosi, mapewa ndi chifuwa zonse zapuma. Katundu wakhala pa mafupa a chiuno, amene ndi olimba ndipo amamutsitsira m'miyendo mwachindunji. Amuna a chiuno chowongoka amadandaula kuti lambayu amatsika, amachita kumumanga mothina. Kwa ambirife chiuno chimamugwira chokha. Ngati khosi linayamba kale kukuvutani, kapena dzanja limachita dzanzi mukaweruka, uyu ndi amene ndingakulozereni, ndipo dzanzi losatha mukalionetsenso kuchipatala osadikira lamba watsopano.

Koma amasankha zovala. Pa buluku kapena siketi yolimba m'chiuno alibe vuto. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku linathetsedwa mu 1993, komabe pamaliro, pachinkhoswe cha kumudzi ndi m'matchalitchi ena chitenje chikadali choyembekezeka, ndipo wojambula wanzeru sakangana ndi eni mwambo. Chitenje chongopisira m'chiuno sichilimba pansi pa lamba amene akukoka mbali imodzi. Pang'onopang'ono chimatsika naye limodzi. Njira yake ndi yosavuta: telala akusokereni zingwe pa chitenje cha kuntchito kuti muzichimanga ndithu, lamba n'kubwera pamwamba. Pa diresi yothina ya nsalu yoterera, kapena pa bulauzi wa chitenje wotambalala m'munsi, lambayu amaoneka mwachilendo ndipo amakwinyitsa chovala. Thupi limatambalalanso m'mbali: podutsa pakati pa mizere ya mipando m'holo, kapena pakhomo lopapatiza la chipinda chimene mkwatibwi akuvalira, muzilowa cham'mbali. Pokhala pampando wa pulasitiki wa zogwirira, kamera imakakamira. Pa perekaniperekani, pamene aliyense akuvina maso ali pa ndalama, kamera ya m'chiuno ili pa msinkhu wa ana otola. Ndipo ndinene poyera, poti tili tokhatokha: popita kuchimbudzi lambayu muyenera kumuvula yense n'kupeza womusiyira, pamene harness mumangochotsa makamera.

Amayi oyembekezera, ndi amene anabereka mwa opareshoni posachedwa, wa m'chiuno amudikire kaye. Amapsinja pamalo olakwika. Chinanso, kamera mukaichotsa m'kachitsulo kaja palibe chimene chikuigwira kupatula zala zanu, choncho lamba wa m'chiuno amafuna mnzake wa padzanja. Kachitsulo ka Peak Design Capture kamagwira ntchito mofananako ndipo n'kakang'ono. Otsatsa amakaonetsa katamangidwa pa chingwe cha chikwama cha kumsana, kumene kwa ife ndi pamwamba pa bere. Kamangeni pa lamba wolimba wa m'chiuno, ndipo kasiyireni makamera opepuka.

Wa padzanja ndi waufupi kumufotokoza. Wina amazungulira kuseri kwa chikhatho n'kukulolani kumasula zala kamera osagwa; wina ndi kachingwe ka pamkono kongoteteza kuti ikapulumuka isafike pansi. Mu situdiyo, kapena pa graduation pamene mumaima malo amodzi anthu akubwera okha, palibe chifukwa chovalira zambiri. Amene ali ndi manja aang'ono asankhe wosinthika msanga, chifukwa womangika kwambiri amalepheretsa chala chachikulu kufika pa mabatani a kumbuyo. Payekha sakwanira tsiku la ukwati. Kamera ilibe potulira.

Za kugula, ndi za telala

Malamba a mayina ndatchulawa sapezeka wamba m'mashopu a mumzinda muno. Ambiri timatuma opita ku Johannesburg, kapena kuitanitsa pa intaneti n'kudikira, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chilichonse cholipiridwa m'madola chimafuna kuganiza kaye. Vuto la kuitanitsa n'lakuti simungayese, pamene nkhani yonseyi ndi ya kuyesa. Musanatume, bwerekani wa mnzanu ngakhale kwa madzulo amodzi. Pa intaneti palinso otengera, ofanana ndi enieni mpaka dzina, pa mtengo wotsika kwambiri. Nsalu yake nthawi zambiri ilibe mlandu. Chokayikitsa ndi chitsulo: kangowe ndi kabawuti za chitsulo chofewa zimadyeka mkati mosaoneka, tsiku lina n'kungothyoka.

Lamulo lomweli ndi limene ndimatsata pa zosoketsa kwathu kuno. Chofewa chisokedwe kuno, chitsulo chigulidwe chenicheni. Lamba wa m'galimoto zakutha ndi wolimba kuposa mmene kamera iliyonse ingafunire, ndipo m'lifupi mwake muli pafupifupi masentimita 5, mulingo womwe uja tinaufuna. Pa kaunjika mumapezeka zikwama zakale zokwerera mapiri zokhala ndi zingwe za m'mapewa zopindika kale bwino, zina zopangidwira amayi, komanso malamba a gitala otambalala. Wosoka nsapato ali ndi makina ndi ulusi wa nayiloni woboola zinthu zokhuthala. Muuzeni asoke bokosi lokhala ndi mtanda mkati paliponse polumikiza, osati mzere umodzi. Telala akhoza kukuta kapilo ka siponji ndi chitenje chimene mwasankha, ndipo apa ndi pamene wosoketsa amaposa wogula kunja: amakuyezani inuyo, n'kupinda kapiloko motsata chifuwa chanu, utali wake n'kuthera pachiuno chanu. Muuzeni asoke chovundikiracho choti chizivulika, kuti muzichichapa. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga tingowe tonyezimira ta pa zikwama za m'manja. Tinapangidwira kunyamula foni ndi kalilole. Pewaninso zomata zong'ambula zija za velcro paliponse pamene zingakhudze lesi, yanu kapena ya mkwatibwi pamene mukumukonza.

Lamba aliyense, wogula kapena wosoketsa, ayambe wayesedwa kunyumba. Dzazani chigubu ndi madzi okwana malita 5, amene ndi makilogalamu 5, muchikoleke pa lambayo pamwamba pa matiresi n'kuchigwedeza mwamphamvu kangapo, kenaka muyang'ane misoko ndi tingowe. Akapambana, ikanipo kamera ndi lenzi yolemera kwambiri imene muli nayo, muvale chovala ndi bra zimene mumagwira nazo ntchito, n'kukhala naye ola lathunthu mukuchita za pakhomo. Gwadani, weramani, kwezani manja onse m'mwamba ngati mukujambula pamwamba pa mitu ya anthu, khalani pampando, yendani mothamanga. Mphindi zisanu zoyamba lamba aliyense amamveka bwino. Pamene payamba kutentha kapena kufiira pakatha ola ndi pamene padzakhale chilonda pakatha tsiku.

Ineyo, pa ntchito ya kamera imodzi ndimatenga wopingasa wa kapilo kopindika. Pa ntchito ya makamera awiri sindivala harness. Yolemera ija imapita m'chiuno, yopepuka pa wopingasa wofupikitsidwa, kuti phewa linyamule zochepa. Achemwali a mapewa otambalala angakonde harness, ndipo sindingatsutsane nawo. Pa kabaza kapena m'minibasi palibe lamba amene ndimamudalira: kamera imalowa m'chikwama, chikwama kutsogolo.

Tizingwe ting'onoting'ono tolumikiza kamera ndi lamba ndi timene timatha msanga. Ta Peak Design analemba kuti timanyamula makilogalamu 90, koma timadyeka tikamakhulana ndi chitsulo cha khutu la kamera, ndipo anatipanga kuti mtundu wowala wa mkati uzionekera tikayamba kutha. Ukaoneka, sinthani tsiku lomwelo. Tiwaya ta makona atatu ta pa makamera a Nikon ndi Sony timatambasuka ngati mumatichotsachotsa. Lamba wa nayiloni amamwa thukuta ndi fumbi lofiira mpaka kuuma gwa n'kuyamba kukhula khungu. Mchapeni ndi sopo pang'ono m'madzi ozizira n'kumuyanika pamthunzi. Wachikopa musamutsekere m'chikwama cha kamera nthawi ya dzinja. Chikopa chonyowa ndi thukuta chimachita chuku msanga m'chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale, ndipo chuku chikakhazikika m'chikwama chimafika ndi m'malenzi momwe.